Malaya a Petulo Analibe Mwaye

1

Achimwene anga anakhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu chifukwa cha malaya. Anali malaya oyera a munthu wakufa, a kabowo kamodzi pachifuwa ndi magazi ambiri, koma opanda mwaye ngakhale kadontho. Ndipirireni, ndiyambira pachiyambi.

Dzina langa ndine Bonifasio, kwathu ndi ku Bembeke. Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene a Alufeo, ondiposa zaka zisanu ndi chimodzi. Iwo ndiwo anali nsanamira ya banja lathu. Ankagula kachewere kwa alimi a m'midzi ya kumapiri n'kumakagulitsa ku Lilongwe pa lole yawo. Ine ndinali uja wopita ku Joni n'kubwerako ndi makina owotcherera zitsulo, sutikesi imodzi ndi nkhani zambiri.

Ku Joniko ndinagwira ntchito pa famu ya mzungu wina wokonda kusaka nyama. Iye sankagula zipolopolo kawirikawiri. Mfuti ikalira, ankatola kakhoko ka mkuwa kotsalako, n'kukadzazanso wonga, n'kuikapo mutu watsopano. Anandiphunzitsa ntchitoyi mpaka manja anga anaposa ake. Pobwerera kumudzi anandipatsa kachipangizo kake kakale kothinira zipolopolo. Ndinakabisa pakati pa zitsulo zanga pamodzi ndi zina zofunika, ndipo pa boda palibe anafunsa.

Kumudzi ndinapeza nkhani ina. Kunali mtsikana wa ku Lobi, Sibongile, amene tinkaimba naye kwaya ndisanapite. Mawu ndinali ndisanamuuze, ndinkangoganiza kuti akudziwa. Ndinapeza atakwatiwa ndi achimwene, ali kale ndi mwana wamkazi kumsana, dzina lake Tikondwe. Ndinaphunzira kumutchula kuti alamu ndi kuwomba m'manja popereka moni.

2

Mfuti inabwera pakhomo pathu chifukwa cha mbava. Tsiku lina masanasana, anthu anayi anagwetsa mtengo pamsewu wafumbi wochokera ku Mphunzi n'kuwatsitsa achimwene m'lole. Anawathyola nthiti ziwiri. Atachira anayenda m'maofesi miyezi isanu ndi itatu mpaka anapeza chilolezo. Inali mfuti yaing'ono ya m'thumba, yolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Bokosi lachitsulo loisungiramo ndinawotcherera ndine.

Pakapita miyezi ingapo tinkakwera kuseri kwa phiri kukaiyesera pa zitini. Iwo ankawombera, ine ndinkatola makoko. Ankadandaula kuti zipolopolo n'zosowa, kuti upeze bokosi limodzi umafunika ulendo wa ku Lilongwe ndi mapepala m'manja.

Lamlungu lina titachoka ku Misa, tili pakhonde pawo, ndinatulutsa kansalu m'thumba n'kukafunyulula patebulo. Munali zipolopolo zisanu ndi chimodzi, zonyezimira.

"Wazitenga kuti izi?" achimwene anafunsa.

"Ndapanga ndine, achimwene. Makoko ake ndi anu omwe aja. Taziikani pambali pa za m'bokosi, muone ngati musiyanitse."

Anatola chimodzi, anachitembenuza, n'kuchibweza pansalu ngati chikuwotcha.

"Chotsa."

"Za kufakitale zimakhala m'sitolo zaka, simudziwa kuti zadutsa m'manja angati. Ndi chinyezi cha kuno, tsiku lina zidzakukanani. Zangazi ndayeza chimodzichimodzi ndekha."

"Boni, tamvera. Za m'bokosi zili ndi dzina la wopanga, zili ndi nambala, ndipo chimodzi chimalira ngati chinzake. Patachitika kanthu, apolisi akhoza kutenga chinzake n'kuyesa. Nanga zakozi adzayerekeza ndi chiyani? Mfuti yoteteza moyo sayeserapo luso. Ndipo ukudziwa kuti n'zoletsedwa. Ukufuna tikadye nandolo wa boma tonse awiri?"

"Mzungu wanga ankaphera njati zomwezi."

"Ndiye ukaphe njati ku Joni konko. Kuno uziwotcherera mawindo."

Alamu anali akuthira tiyi. Anaseka. Sikunali kuseka koipa, kunali kwa mkazi amene wamva nthabwala ya mwamuna wake, koma ine kunandilowa mpaka m'mafupa. Ndinakulunga kansalu kanga n'kunyamuka, tiyi osamwa.

3

Petulo anali dalaivala wa lole ya achimwene. Msewu ankaudziwa, koma ankadziwanso kachasu. Atagwetsera lole mu ngalande kachiwiri, achimwene anamuchotsa ntchito n'kuchenjeza amalonda anzawo kuti asamulembe. Anthu a pamsika sanakhutire ndi chifukwa chimenecho. Anayamba kunong'onezana kuti Petulo ankachedwa dala akapita ndi alamu kuchigayo, ndipo mwini nyumba watulukira. Linali bodza. Koma tsiku lina Petulo ataledzera anaimba nyimbo yotchula dzina la alamu pakati pa msika, ndipo achimwene, anthu onse akumva, anati, "Ukadzapondanso pakhomo panga, udzachoka atakunyamula."

Linali Lachiwiri la mwezi wa Juni, cha m'ma naini m'mawa, nkhungu isanachoke. Ndinali mu shopu yanga, pafupi ndi shedi imene achimwene ankasungiramo kachewere. Ndinamva phuu! kamodzi kokha. Sikunali kulira kwakukulu. Ndinataya chitsulo chimene ndinkadula n'kuthamanga.

Petulo anali chagada pakati pa matumba, chikwanje chili pambali pake. Achimwene anali atatsamira sikelo, mfuti ili lende m'dzanja.

"Anabwera ndi chikwanje, Boni. Anachikweza. Anali apa, apa pomwe." Ankaloza pansi, patsogolo pa nsapato zawo. "Ndimamva ndi fungo la mowa m'kamwa mwake."

"Bweretsani mfutiyo."

Anandipatsa ngati mwana. Ndinakaitsekera mu shopu yanga, ndinaimbira apolisi, kenako ndinabwerera kukakhala nawo. Anthu anadzaza pakhomo. Amayi ake a Petulo anafika akuthamanga opanda nsapato n'kugwera pa mwana wawo. Apolisi anafika patatha ola ndi theka, ndipo mfuti ndinawapatsa ndi manja awiri.

4

Achimwene anakhala pa rimandi zaka ziwiri mlandu usanalowe m'khothi. Loya wathu ankatilimbitsa mtima. Chikwanje chinalipo, Petulo anali ataledzera, ndipo ndiye anabwera pamalo pa eni ake. "Munthu ali ndi ufulu wodziteteza," ankatero.

Kenako panaima katswiri wa mfuti, bambo wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anafotokoza kuti mfuti ikalira, pamodzi ndi chipolopolo pamatuluka utsi ndi tinjere ta wonga wosapsa. Munthu akakhala pafupi, zimenezi zimakakamira pa chovala. Anati anatenga zitatu mwa zipolopolo zisanu zimene zinatsala mu mfutiyo n'kuwombera nsalu zoyera. Anazikweza m'mwamba imodziimodzi. Ya pa theka la mita inali bii. Ya pa mita imodzi inali ndi madontho ngati nthomba. Ngakhale ya pa mita ndi theka inali ndi timadontho tooneka. Pomaliza anakweza malaya a Petulo.

"Apa palibe kanthu. Malemuwa anali patali, mamita awiri kapena kuposerapo."

"Bodza!" achimwene anakuwa. "Anali apa!"

Loya wa boma sanavutikenso. Anati chikwanje aliyense kumudzi amayenda nacho. Mboni zinayi zinabwereza mawu a pamsika aja. Ndipo munthu amene wanama za mtunda, anafunsa, angalephere bwanji kunama za zina zonse? Woweruza anati sikunali kudziteteza, kunali kubwezera chifukwa cha nsanje. Zaka makumi awiri.

Asanakwere galimoto ya ndende, achimwene anandiitana.

"Boni, ndikufunse. Mfuti ija sunaigwirepo?"

"Ndinangoitsekera basi, achimwene."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. "Ndikudziwa. Katswiri uja wanena yekha kuti zotsala zija zinali za kufakitale. Pepa pokufunsa. Uwasamale alamu ako ndi mwana."

5

Ndinawasamaladi. Munda ndinkalima ndine. Denga likadontha ndinkakwera ndine, Tikondwe akadwala ndinkamukweza pa njinga ndine. Kutchalitchi azimayi ankandiloza pouza ana awo kuti ubale ndi umenewo.

Poyamba alamu ankapita kundende mwezi uliwonse. Koma nsalu zija zinawakhala m'mutu. Tsiku lina tikukumba kachewere kudimba, anaika khasu pansi.

"Alamu, mundiuze zoona. Mukuganiza kuti anamupha dala?"

Ndinayang'ana dothi. "Ine ndinafika zitachitika kale, alamu."

"Ngati anamupha dala, ndiye kuti anakhulupirira za pamsika zija. Anandiyesa hule, osandifunsa n'komwe. Zaka zonsezi ndimagona ndi munthu amene amandiganizira zimenezo."

Analira. Ine ndinawagwira paphewa, ndipo sanachotse dzanja langa.

Maulendo a kundende anayamba kutalikirana. Tikondwe anakula akumva anzake kusukulu akumutcha mwana wa chigawenga, mpaka anakaniratu kukaona bambo ake. M'chaka chachisanu achimwene ali m'ndende ndinasiya kunena kuti alamu. Sindinganamizire mowa kapena Satana. Sibongile ndinkamufuna kuyambira ndili mnyamata, ndipo khomo litatseguka ndinalowa. M'chaka chachisanu ndi chimodzi anabereka mwana wamkazi, Jacqueline. Mudzi wonse unadziwa mwini wake. Kutchalitchi anatiletsa kulandira Ukaristia, tinkakhala pa benchi ya kumbuyo, koma tinkakhala limodzi, ndipo ndinene mosabisa kuti masiku amenewo ndinali wokondwa.

6

Uthenga unabwera ndi ansembe amene ankayendera akaidi: achimwene akufuna kundiona. Ndinazengereza milungu itatu.

Munthu amene anabwera kuseri kwa waya sindinamuzindikire msanga. Anali atatha, tsitsi lili mbuu, akutsokomola. Ndinakonzeka kutukwanidwa.

"Ndamva za mwana," anatero. "Wafanana ndi ndani?"

"Ndi malemu amayi athu."

"Chabwino. Sindinakuitanire zimenezo. Mkazi sangadikire chigawenga zaka makumi awiri." Anatsokomolanso. "Ndakuitana kuti ukandipepesere kwa amayi ake a Petulo. Ukawauze kuti ndavomera."

"Mwavomera chiyani?"

"Kuti ndinamupha dala. Zaka zonsezi ndimati anali pafupi. Ndikatsinzina ndimamuona apa, chikwanje chili m'mwamba. Koma nsalu sizinama, Boni. Umene umanama ndi mutu wa munthu. Ndiye kuti ndinkamuda kwambiri, ndinamuwombera akadali pakhomo, kenako mtima unandipekera zinazo kuti ndizipeza tulo. Mwezi watha ndinalapa kwa ansembe. Ndinalapa kupha munthu mwadala."

Ananena zimenezi modekha, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ufulu wawo, mkazi wawo ndi mwana wawo zinali zitapita kale. Tsopano anali atataya ngakhale zimene anaona ndi maso awo.

"Achimwene, anali pafupi."

"Iwe kunalibeko."

"Chipolopolo chimene munawombera chija chinali changa."

Ndinawauza zonse, ndipo nanunso owerenga ndikuuzeni. Bokosi lachitsulo lija ndinalipangira makiyi awiri, wina ndinasunga ine. Patapita milungu ingapo chinyozereni pakhonde paja, onse ali ku Misa, ndinalowa m'nyumba mwawo. Ndinachotsa zipolopolo za kufakitale mu mfuti n'kuikamo zanga. Cholinga changa chinali chachibwana. Ndinkafuna kuti tikadzapita kuphiri adzawombere zonse, kenako ndidzawauze pamaso pa Sibongile kuti, "Mwaona? Zinali za wowotcherera mawindo." Poti makoko anali ogwirapo kale ntchito, ndinkaopa kuti angang'ambike, choncho wonga ndinaika wochepa kwambiri. N'chifukwa chake mfuti inalira motsika m'mawa uja. N'chifukwa chake malaya analibe mwaye.

Ndipo pamene ndinapita nayo ku shopu, sindinangoitsekera. Thupi la Petulo lisanazizire n'komwe, ndinachotsa zanga zisanu zotsala n'kubwezeramo za kufakitale. Khoko la chowombedwacho ndinalisiya momwemo, poti pooneka silinkasiyana ndi enawo. Ndinkaopa kumangidwa chifukwa chopanga zipolopolo. Za nsalu sindinkazidziwa. Koma tsiku limene katswiri anazikweza m'khothi ndinamvetsa zonse, ndipo ndinali pa benchi yachiwiri, pakamwa panga pali pabwinobwino. Ndinayang'ana Sibongile amene anakhala pambali panga. Ndinakhala chete.

Achimwene sanakuwe. Anagwira waya ndi zala zonse.

"Bwerezanso."

"Anali pafupi, achimwene."

"Ndiye kuti sindine wamisala." Misozi inatsika, koma nkhope sinagwedere. "Zisanu zakozo zili kuti?"

"M'botolo, pansi pa simenti mu shopu."

"Kafukule."

Anatembenuka osatsanzika.

7

Ndinapita kwa loya, loya anaitana apolisi, ndipo pansi pa shopu ndinaswa iwo akuona. M'botolo munali mouma. Katswiri yemwe uja anawombera ziwiri pa nsalu, pa mtunda wa mkono umodzi. Nsalu zinatuluka ndi kabowo basi. Akuti anavula magalasi n'kukhala pansi nthawi yaitali. Iye sanalakwe kanthu, anayesa zimene ine ndinaika m'manja mwake.

Sibongile ndinamuuza ndekha, akuchapa kuseri kwa nyumba. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'beseni.

"Tsiku lija kudimba, pamene ndinkakufunsani, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Munandisiya ndikulira, mukudziwa?"

Anapukuta manja pa chitenje n'kulowa m'nyumba. Dzuwa lisanapendeke anali atanyamuka ndi ana onse awiri, ulendo wa kwawo ku Lobi.

Kwa amayi ake a Petulo ndinapitako, koma ndi uthenga wina. Ndinawauza kuti mwana wawo anakwezadi chikwanje. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye mwabwera kudzamuphanso." Ananditsekera chitseko.

Apilo inatenga chaka ndi miyezi iwiri. Khothi linawamasula achimwene. Ine linandipatsa zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa chopanga zipolopolo popanda chilolezo ndi kusokoneza umboni. Iwo anatuluka ndi phapo limodzi logwira ntchito, n'kukapeza nyumba yopanda anthu ndi shedi yogumuka. Tikondwe anabwerera kukakhala nawo. Ndamva kuti amawaphikira, amawachapira, koma amalepherabe kuwayang'ana m'maso.

Nditatha miyezi itatu muno m'ndende, anandiitana kuti kwabwera mlendo. Anali achimwene, atanyamula bulangeti ndi sopo.

"Achimwene..."

"Usalankhule, nthawi ndi yochepa. Bulangeti ili ukaliyanika, uzikhala pomwepo. Malo ogona upewe pafupi ndi chidebe, ngakhale kukhoma kuzizire bwanji. Ukatsokomola milungu iwiri, uzikuwa mpaka akutengere kuchipatala, usachite manyazi. Ndipo usamawerenge masiku, amatalika."

"Mwandikhululukira?"

Anaganiza kaye. Achimwene sanayankhepo chinthu asanachiganize.

"Ayi. Ndayesa. Ndabwera chifukwa palibe wina amene akanakuuza zimenezi." Anapereka bulangeti kwa woyang'anira akaidi kuti alifufuze. "Sindidzabweranso, Boni."

Papita zaka ziwiri. Mawu awo anawasunga.

8

Owerenga anzanga, ena muno akamva nkhani yanga amafunsa ngati zipolopolo zanga zinali zoipa. Sizinali zoipa. Chija chinalira pa nthawi yake, ndipo achimwene ali moyo chifukwa cha icho. Koma chipolopolo chodzitetezera sichimaliza ntchito chikagwetsa munthu. Chimakaimanso m'khothi ngati mboni, ndipo kumeneko chopangidwa kuseri chilibe wochivomereza kupatula amene anachipanga. Ameneyo akakhala wamantha ngati ine, wosalakwa ndiye amalowa.

Komabe musandichepetsere mlandu. Kusintha zipolopolo kunali kupusa kwa tsiku limodzi, ndipo kuzibwezera kunali mantha a mphindi zochepa. Chimene chimandilanda mtendere n'chakuti kukhala chete ndinkakusankha m'mawa uliwonse kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, ndipo tsiku lililonse kunkapepukirapo, chifukwa ndinkadya zipatso zake. Ngati mwa inu muli wina amene wasunga mawu oti akhoza kumasula mnzake, asadikire tsiku limene adzakhale osavuta kunena. Ine ndinalidikira, silinabwere. Chimene chinabwera ndi m'bale wanga, akulapa tchimo langa ngati lake.

Jacqueline ayamba sukulu chaka chamawa. Tsiku lina adzafunsa amayi ake kuti bambo ake ndani, ndipo anachita chiyani. Ndalemba izi kuti Sibongile asadzavutike kupeka yankho.